Malire a Dimba la Mayi Anga

Ndinaganiza zochoka chaka chimene madzi anabwera kawiri. Koyamba anabwera nthawi yake, n'kugona pamadimba athu monga amachitira chaka chilichonse, kenaka n'kuphwa. Tinabzala chimanga m'matope. Chitafika m'mawondo, madzi aja anabweranso, kwathu kulibe mvula, ochokera kumapiri kumene ife sitinapondeko, ndipo anachimiza chonse. Chaka chimenecho tinadya nyika mpaka pakamwa kuda. Amene saidziwa nyika, ndi timibulu tomera pansi pa maluwa a m'madzi. Umalowa m'dambo madzi olekeza m'chifuwa, n'kumafufuza ndi zala za kumapazi, maso ali kwa ng'ona. Ndinali nditangoika m'manda mwana wanga Malita, ndipo anandisiyira mdzukulu, Tadala, wa zaka zisanu ndi zitatu. Ndinamuyang'ana akutafuna nyika tsiku lina n'kunena mumtima kuti ayi, ndipite.

Ndinali ndi msuweni ku Lusaka, ku Matero, amene bambo ake anapita kumeneko kalekale kukaphikira azungu. Iyeyo ndiye anatumiza uthenga kuti kumayadi akufuna mayi wachikulire wa ku Malawi, wosamwa mowa, wosayendayenda. Sindinamukhulupirire. Ndinkati akufuna womuchapira waulere. Komabe njira ina panalibe. Tadala ndinamusiya kwa abale a bambo ake ku Bangula, anthu amene sindinkawakhulupiriranso, koma anali pafupi ndi sukulu.

Chotsala chinali dimba.

Kwathu ndi kumunsi kwa Shire, kumene mtsinje umatopa n'kugawikana timifuleni tambirimbiri pakati pa bango ndi gumbwa. Munda wa kumtunda ndi wa mapira, umadikira mvula imene nthawi zambiri siibwera. Chuma chenicheni ndi dimba. Madzi akasefukira amasiya dothi latsopano, lakuda, losafuna feteleza, ndipo umakolola chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata pamene kumtunda kwauma gwa. Koma madzi omwewo amafafaniza malire onse. Ndiye tili ndi mwambo wathu. Madzi akaphwa, eni madimba amatsika tsiku limodzi kukaponda malire. Umaima pamgwalangwa kapena pachulu chimene aliyense akuchidziwa, n'kumayenda, oyandikana nawe akuyenda pambali pako kuwerenga nawo mapazi. Pamene mwavomerezana mumazika bango. Dimba lako limakhala m'mitu ya anzako. Ndipo munthu akamachoka ulendo wautali, amaphika thobwa, kuitana oyandikana naye, kuponda nawo malire, n'kunena pamaso pawo kuti uyu ndangomubwereka, ndikabwera andibwezere.

Ine thobwalo sindinaphike.

Chifukwa chake chinali Fanita. Dimba lake linagundana ndi langa cha kumadzulo, monga analili madimba a amayi athu. Mayi ameneyu ndinakangana naye zaka makumi awiri. Bango lake linkayenda. Lero lili apa, mawa lasendera kwanga, ngati lili ndi miyendo. Mbatata zanga za mumzere wa kumalire zinkakumbidwa ndi mbewa zodziwa kukwirira dzenje. Ndinkamuuza poyera, iye n'kundiyankha poyera, mpaka a m'mabwato ankaima kupalasa kuti amve. Ndiye munthu woteroyo ndimuphikire thobwa, ndimuuze kuti ndikuchoka, pano pakhala popanda maso anga? Ndinaona kuti ndi uchitsiru.

Ndinachita zanga. Ndinanyamula mphero ya mayi anga, mwala wosalala uja ankaperera mapira, n'kukaikwirira ndekha pangodya ya dimba, m'mawa anthu asanatsike. Ndinati anthu amanama, mwala sunama. Kenaka ndinaitana mlamu wanga Dolika, mkazi wa mchimwene wanga Thomu, tili awiriwiri kuseri kwa nkhokwe, n'kumuuza kuti azilima pamenepo mpaka ndibwere. Za mphero sindinamuuze. Dolika ndinamusankha osati chifukwa chomukonda. Kwathu dimba limayenda ndi akazi, kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wamkazi, ndiye mkazi wa mchimwene sangalote n'komwe kuti ndi lake. Ndinkati ndachenjera.

Ndinadutsa Blantyre, Lilongwe, Mchinji, Chipata, thumba lili pamiyendo njira yonse. Mayi wina m'basi anandipatsa nthochi, ndinaisunga mpaka inada.

Ku Matero ndinakhala masabata atatu okha. Ana a msuweni wanga ankati "kwathu ku Malawi" koma palibe ndi mmodzi yemwe anaonako. Ankandizungulira kuti ndilankhule, ine ndikalankhula iwo kuseka, ati Chinyanja changa ndi cha m'Baibulo. Ankafuna ndiwauze za nyanja. Nditawauza kuti nyanjayo inenso sindinaionepo, kwathu ndi kudambo, anandiyang'ana ngati ndawabera. Tsiku lina ndinapeza thumba langa latsekedwa mosiyana ndi momwe ndinalisiyira. Palibe chinasowa, koma ntchito itangopezeka ndinasamuka.

Ndinapeza chipinda ku Ng'ombe, komboni yoyandikana ndi kumayadi, kumene kumakhala ife ochapa, osesa, olima maluwa ndi alonda. Chipinda chimodzi, zenera lotsekedwa ndi lata, chimbudzi cha mabanja asanu ndi limodzi. M'mawa uliwonse tinkatuluka mumzere ngati nyerere, wapansi, kupita kukatsegula mageti a anthu ena. Zaka khumi ndi chimodzi ndinayenda njira imeneyo. Ndinkadziwa galu aliyense ndi mpanda uliwonse, koma palibe nyumba ya mu komboni imene ndinalowamo kukacheza.

Mapepala okhalira m'dzikomo ndinalibe. Ku Ng'ombe munthu ukakangana naye pampopi, sakumenya, amangoti akudziwa kokakunenera. Ndiye ine, Naphiri, amene mawu anga ankamveka kutsidya kwa mfuleni, ndinaphunzira kutseka pakamwa. Wina akandipitirira pamzere wa madzi ndinkangoyang'ana pansi. Wina anathyola chibwabwa chimene ndinabzala m'chidebe chodula pakhomo panga, ndinaona mapazi ake, ndinadziwa mwini nsapatoyo, koma ndinangozula chonse n'kutaya. Mafuta ophikira ndinkapita nawo kuntchito m'chikwama. Makala ndinkagona nawo m'nyumba.

Woyandikana nane anali mayi wina wa Chibemba, bana Chanda, wogulitsa vitumbuwa. Ankanditchula ba mbuya, ndiye kuti agogo, ndipo sankatopa kundiputa.

"Ba mbuya, imwe mukhoma chitseko olo muyenda chabe ku chimbusu," anatero tsiku lina, kunena kuchimbudzi, akupakula vitumbuwa m'mafuta. "Muli na chani mukati umo, golide? Siku muzafela mwamene umo, ise tizamvela chabe fungo."

Sananame kwenikweni. Chaka china malungo anandigwira, ndinagona masiku atatu chitseko chili chokhoma. Dzuwa linkawotcha malata, ana akusewera panja, wailesi ya wina ikuimba nyimbo za tchalitchi, ine ndikumwa madzi a m'beseni lochapira chifukwa sindikanatha kufika pampopi. Palibe anagogoda. Nditatuluka, bana Chanda anati ankayesa ndagona kuntchito. Ndinamuyankha kuti inde. Kusungulumwa kwa m'tauni n'kotero. Anthu ali mbali zonse, umamva akutsokomola kuseri kwa khoma, koma palibe amene akudziwa dzina la mayi ako.

Chimene chinkandinyansa kwambiri ndi madzi a kumeneko. Mvula ikagwa, madzi ankatsika m'tinjira ta komboni atanyamula mapepala, mabotolo ndi za m'zimbudzi, n'kulowa m'nyumba. Akaphwa ankasiya fungo ndi matenda basi. Ndinkaima pakhomo ndi tsache kumawatukwana chamumtima. Kwathu madzi amakulanda, zoona, koma amasiya malipiro. Awa ankangolanda.

Kumudzi ndinkatumiza zomwe ndinkatha, za sukulu ya Tadala, ndi pang'ono kwa Dolika za mbewu. Nditagula foni, Dolika ankanditumizira mawu nyengo iliyonse, ndipo mawu ake sankasintha: mlamu, madzi aphwa, tabzala, dimba lanu lili bwinobwino, Mulungu akusungeni. Ndinkamvetsera kangapo kufuna pamene mawu anjenjemera. Sindinapapeze. Thomu atamwalira sindinapite kumaliro, poopa kuti pamalire a dziko sakandilola kubwerera. Zimenezi abale anandisungira kukhosi.

Tadala anakula ndikumumva pafoni. Mawu a kamwana anasanduka a mtsikana, kenaka a mayi. Sukulu anailekera panjira, anakwatiwa, anabereka, mwamuna anapita ku Joni n'kuiwala njira. Ankandiuza kuti akukhalira maganyu m'madimba a eni. Ine ndinkamuuza kuti apirire, dimba lake lilipo, likumudikira.

Tsiku lina masana ndikusita kukhitchini, mwana wamkazi wa madamu anga, wa kuyunivesite, analowa ndi foni yake akumwetulira.

"Ba mbuya, si kwanu uku? Onani mwamene kuwamila!" anatero, kunena kukongola kwake.

Chinali chithunzi choyenda chimene bungwe lina linajambula kudambo kwathu. Munali mbalame, akakowa, atsekwe, avuwo ali mbuu pamadzi, mvuu ikuyasamula, bwato likudutsa pakati pa gumbwa muli alendo ovala zipewa. Munthu wolankhula ankati dambo limeneli ndi chuma cha makolo, liyenera kusungidwa. Kenaka anaonetsa amayi atavala zitenje zofanana, akulowa m'madzi kufufuza nyika, akuseka ndi kuimba. Ndinangoti mhm. Nyika munthu safufuza akuimba. Amene anawaveka zitenjezo sanaidyepo ali ndi njala.

Ndiye chithunzi chinatembenukira kumadimba. Ndinaona mgwalangwa wothyoka mutu, uja unawombedwa ndi mphezi ndili mtsikana, umene timayambirapo kuponda malire. Pafupi pake panali pampu ya injini ikulavula madzi m'mizere ya anyezi. Pambali pa pampuyo panaima mnyamata wa kapusi, manja m'chiuno. Anali Zuze, mwana wa Dolika, amene ndinamusiya akuthamangitsa mbuzi, tsopano bambo wandevu. Ankauza wojambulayo kuti pano ndi pamene makolo ake analima kuyambira kale, ndipo iye akusunga mwambo.

Ndinamuuza mwanayo kuti abwereze. Anabwereza kasanu. Ankaganiza kuti ndapukwa kwathu, mpaka anandisisita paphewa. Malaya a bwana anapsa pakolala.

Madzulo ake ndinaimbira Tadala kuti apite kwa Dolika akanene kuti chaka chino alima yekha padimba la agogo ake. Anapita. Yankho limene anabwera nalo ndi ili: akafunse agogo akewo kuti dimba lawolo lili pati. Anandiuzanso kuti bungwe lija lakhazikitsa komiti ya dambo, ndipo madzi akaphwa chaka chino, poponda malire padzakhala munthu wolemba maina m'buku. Dzina likalowa, lalowa.

Ndinatsanzika kuntchito. Madamu anati andisowa kwambiri, ndinali ngati mayi awo, kenaka anauza mlonda kuti ayang'ane m'chikwama changa pageti. Sindinakwiye, inenso ndikanatero. Bana Chanda anapempha mbaula yanga, ndinampatsa, ndipo anandifunsa dzina langa lenileni. Zaka khumi ndi chimodzi khoma limodzi.

Ndinafika kwathu madzi akuyamba kuphwa. Kutentha kwa kuchigwa kunandimenya kumaso ngati sindinabadwireko. Ana a m'mudzi sankandidziwa, akuluakulu ankandipatsa moni wa mlendo. Pachigayo ndinalakwitsa n'kunena kuti "manje" m'malo mwa "tsopano", ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinakhala "a Manje a ku Zambia". Nyumba yanga inali itagwa kalekale. Ndinakhala m'kanyumba ka Tadala, amene anali atasamukira kumudzi ndi mwana wake.

Dolika anandiphera nkhuku. Sindinaikhudze mpaka iye atadya kaye. Analira za Thomu, anandifunsa za ulendo, anayamikira nsapato zanga. Nditatchula dimba anapukuta m'manja pang'onopang'ono.

"Dimba liti, mlamu? Lanu lija linapita ndi madzi. Mfuleni unasuntha kawiri inu muli kumagetsi. Pamene pali Zuze ndi dothi lina, anachotsa yekha bango ndi manja ake. Ine pokutumizirani mawu aja ndinkangofuna kuti mtima wanu ukhale m'malo."

Koma ine ndinali ndi mwala wanga.

M'mawa mwake ndinatenga khasu n'kutsika. Mfuleni unasunthadi, dambo lonse linali ndi nkhope ina, koma mgwalangwa unalipo. Ndinawerenga mapazi kufika pangodya n'kuyamba kukumba. Ndinakumba mpaka m'chiuno, madzi anayamba kutumphuka pansi, mwala osaoneka. Ndinasendera uku, ndinasendera uko. Masiku atatu. Zuze ankakhala pa injini yake akusenda nzimbe, kumandifunsa mwaulemu ngati azakhali akufuna fosholo. Ndinali nditaiwala chinthu chimene mwana aliyense wa kudambo amachidziwa: chaka chilichonse madzi amaunjika dothi pamwamba pa dothi, ndipo cholemera chimamira m'matope. Mphero ya mayi anga ili pansi penipeni, kapena inakokoloka, sindikudziwa. Chimene ndinapindula n'chakuti mudzi wonse unayamba kunong'ona kuti a Manje akukwirira mankhwala a ku Zambia m'dimba la eni.

Tsiku loponda malire linafika. Anthu anatsika ndi mitolo ya bango, matope olekeza m'akakolo. Panali wapampando wa komiti, mphunzitsi wina wopuma ntchito, ndi mayi wa kubungwe atanyamula buku lalikulu, atavala magambuti oyera. Anayamba kumtunda, dimba ndi dimba, anthu akukangana pang'ono, kuvomerezana, kuzika bango, dzina kulowa m'buku. Atafika pamgwalangwa wothyoka mutu, Zuze anaima kutsogolo. Inenso ndinaima, Tadala ali kumbuyo kwanga ndi mwana kumsana.

Ndinanena zonse. Kuti dimbali ndi la mayi anga, kuti linali la amayi awo, kuti Dolika ndinangomubwereka, kuti mwana wa mchimwene sadya za kwa azakhali ake. Wapampando anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anafunsa funso limodzi lokha: pamene ndinkabwereketsa, ndani analipo?

Ndinayang'ana anthuwo mmodzimmodzi. Ena ndinavinidwa nawo chinamwali. Ena ndinawathandiza kubereka. Aliyense anapeza choyang'ana m'matope. Zuze anali atawalonjeza madzi a pampu yake, zimenezi ndinazimva pambuyo pake, koma ngakhale akanapanda kulonjeza, akananena chiyani? Kuseri kwa nkhokwe kuja kunalibe munthu.

"Thobwa lanu tinamwa liti, a Naphiri?" anafunsa bambo wina chakumbuyo, anthu n'kuseka.

Mayi wa buku uja anali atatsegula kale cholembera.

Ndi pamene ndinamva kukhosomola kumene ndikanakuzindikira ngakhale m'manda. Fanita. Chibwerereni ndinali ndisanamupatse moni. Anali atakalamba kuposa ine, atapindika msana, diso limodzi litayera, akuyendera ndodo. Anakankha anthu ndi ndodoyo mpaka anafika kutsogolo.

"Thobwa lake sindinamwe," anatero, "ndipo akanandipatsa ndikanathira pansi, chifukwa mayi uyu mtima wake ndi woipa. Anachoka ngati mbala, osatsanzika munthu. Koma dimba lake ndikulidziwa kuposa langa. Zaka makumi awiri wakhala akunditukwana pamzere uwu, kunditchula wakuba ana anga akumva. Mukufuna mundiuze kuti ankanditukwanira dothi la Dolika?"

Zuze anati agogo akalamba, maso sakuona, mfuleni unasuntha. Fanita anamuloza ndi ndodo n'kumuuza kuti mfuleni unasuntha koma mgwalangwa sunasunthe, ndipo mayi ake, Dolika, anabwera kuno ndi ukwati kuchokera kumapiri, osadziwa ngakhale kukwera bwato, ndiye asamuphunzitse dambo. Anafunsa anthu ngati alipo amene sanamvepo iye ndi Naphiri akulalatirana pamalo ano. Apa anthu anayamba kung'ung'udza. Wina anati zoona, phokoso lawo linkathawitsa mbalame mumpunga. Wina anakumbukira tsiku limene tinaponyerana matope mpaka abusa a mpingo anachita kutsika. Anthu omwe aja analibe chonena za thobwa, za ndewu zathu aliyense anali ndi yake.

Wapampando anati ndiye Fanita aponde, onse aone.

Fanita anatsamira msana pamgwalangwa n'kuyamba kuyenda. Ine ndinali pambali pake, kuwerenga. Kulowera kumfuleni anaponda bwino, mapazi makumi asanu ndi limodzi, ngakhale anali aafupi chifukwa cha ukalamba, ndipo wapampando anawonjezerapo pang'ono. Bango linazikidwa pakati penipeni pa anyezi wa Zuze. Kenaka anatembenukira kumadzulo, mbali imene dimba langa limagundana ndi lake. Ndinaona phazi lake likupatuka. Osati kwambiri. Pang'ono chabe, kupendekera kwanga, phazi ndi phazi, diso loona lija lili pa ine. Pofika kumapeto anali atadya mizere inayi. Mizere yomwe ija ya mbatata imene tinkalimbirana ndisanachoke.

Anaima, nazika ndodo yake m'matope, n'kundifunsa mokweza kuti anthu onse amve: "Si pamenepa, a Naphiri?"

Mawu anali atafika kale pakhosi. Wakuba iwe. Ndikanawatulutsa, ndipo akanakhala oona. Koma ndikanati Fanita wanama pamzere uwu, Zuze akanati ndiye wanama ponse, ndipo mboni ina ndinalibe. Dolika anali atandiyang'anitsitsa, akudikira, chifukwa amandidziwa. Kumbuyo kwanga mwana wa Tadala anali akulira. Ku Ng'ombe ndinatseka pakamwa zaka khumi ndi chimodzi chifukwa cha mantha, koma sizinandiwawe ngati kamphindi kameneko.

"Ndi pamenepo," ndinatero.

Bango linazikidwa. Mayi wa buku anafunsa dzina, ndinamuuza kuti alembe la Tadala, ndipo ndinaima pomwepo mpaka ndinaona ndi maso anga zilembo zonse. Zuze anapatsidwa nthawi mpaka akolole anyezi wake. Pampu anaichotsa sabata yomweyo akutukwana, ndipo Dolika sandilankhula mpaka lero, chimene sichindisowetsa tulo.

Pokwera kumudzi ndinapezana ndi Fanita panjira, akupuma pachitsa. Ndisanatsegule pakamwa anandiimitsa ndi dzanja.

"Musandithokoze. Pampu ya mwana uja imamwa chitsime changa, chaka chino nyemba zanga zinauma. Inu mumangotukwana. Kutukwana sikuumitsa chitsime."

Ndinamuuza kuti kuthokoza sindinakuganizeko n'komwe, ndipo mizere inayi ija ndaiona. Anati akudziwa kuti ndaiona.

Ku Lusaka ndinkagona ndikuganiza kuti kwathu kuli abale anga ndi mwala wanga, ziwiri zondisungira malo. Mlamu anandidya akundifunira madalitso, mwala unamira. Chimene chinandisungira dimba ndi phokoso limene ndinasiya m'makutu mwa anthu, ndi mdani amene sanandichotse diso ngakhale ndili kutali. Kuno munthu wachete alibe malo. Alendo a zipewa amabwerabe m'mabwato kudzajambula mbalame, amaimika bwato n'kutijambula ifenso tikulima, ati chuma cha makolo. Sadziwa kuti chumacho timachisunga bwanji. Ine ndikaona bwato lawo ndimatembenuza nsana.

Tsopano chimanga cha Tadala chafika m'mapewa, nyemba zayanga, maungu ayamba maluwa. Vuto la mwanayu ndi ulemu. Akatsika m'mawa amagwada kupatsa moni Fanita, agogo mwadzuka bwanji, agogo msana uli bwanji. Ndamuuza kuti moni apereke, koma aime pafupi nane azimvetsera, chifukwa ine sindikhala mpaka kale. M'mizere inayi ija Fanita wabzala mbatata, zobiriwira mochititsa mseru. M'mawa uliwonse ndisanagwire khasu ndimaima pabango la malire n'kumuuza kuti ndi wakuba, kuti mayi ake analinso wakuba, kuti mizere imeneyo ndi ya Tadala mwana wa Malita mwana wa Naphiri, kuyambira pamgwalangwa mpaka kumfuleni.

Dzulo ndinali ndi chifuwa, mawu sankatuluka bwino. Fanita sanadzutse n'komwe mutu pamene ankapalira.

"Kwezani mawu, a Naphiri," anatero. "A kutsidya sakumva."